Nkhumba za Alamu ndi Lamulo la Kaputeni Haskett

Khonsolo ya boma la Brackwell, itakhala pansi Lachiwiri loyamba la Epulo m'chaka cha 1897, ndipo itamaliza kumva dandaulo la denga la ndende limene linkadontha, inagamula mogwirizana kuti pakhomo pa nyumba ya milandu paimikidwe mwala wokumbukira malemu Kaputeni Lemuel Haskett. Chikalata chinakhomedwa pa chitseko cha positi ofesi. Chinanena kuti mwalawo udzatalika mafiti anayi ndi theka, kuti udzaimikidwa chimanga chisanakololedwe, ndi kuti padzalembedwa mawu akuti: "Mlimi, msilikali, phungu, amene anapulumutsa minda ya boma lino ku nkhumba." Chinalonjezanso kuti kalata ipita ku likulu la chigawo kukakumbutsa Nyumba ya Malamulo za kankhani kena kamene kanatsalira. Anasankha komiti ya anthu atatu yoti ione mtundu wa mwala, ndi ina ya anthu awiri yoti izilimbikitsa yoyambayo.

Amene anawadziwa a Haskett anawerenga chikalatacho zipewa zili m'manja. Zakuti anali mlimi, msilikali ndi phungu, n'zoona. Zotsalazo zikufuna kufotokoza.

A Haskett anabadwira ku Ohio mu 1829, ndipo anafika kuno ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, pa ngolo ya ng'ombe ya bambo awo. Dziko analipeza ndi la udzu wokhawokha, dothi lakuda ngati mwaye, mitengo ili m'mbali mwa mtsinje basi. Lamulo la masiku amenewo linali losavuta kumva: chiweto chili ndi ufulu wopita kumene chafuna, chotsekeredwa ndi chimanga. Nkhumba ya mnzako ikakudyera m'munda, palibe ankafunsa kuti nkhumbayo ndi ya yani. Ankafunsa ngati mpanda wako ndi wovomerezeka, kutanthauza woti kavalo asaulumphe, nkhunzi isaugwetse, nkhumba isapeze polowera. Panali akuluakulu awiri osankhidwa chaka ndi chaka, oyendera mipanda, amene ankayenda ndi ndodo ya mafiti anayi ndi theka. Ankaimika ndodoyo pambali pa mpanda, n'kuyang'anizana, n'kulemba. Nkhumba sankaifunsa kanthu.

Choncho mwamuna wa kuno ankadziwika ndi nyundo yake. A Haskett pofika zaka makumi awiri ankang'alula mitengo ya mpanda mazana awiri patsiku, ndipo anakula ndi chikhulupiriro chimene sichinawachokere mpaka m'manda, chakuti chinthu chilichonse ukachichita mwadongosolo chimatheka. Mu 1853 anakwatira Almira Prouty, natenga munda wa maekala makumi asanu ndi atatu, kuchita malire ndi mlongo wake wa Almira, a Gideon Prouty. A Gideon khasu sankagwirizana nalo. Ankaweta nkhumba, ndipo kuweta kwake kunali kuzidula kamphako ku khutu lakumanzere, kuzitsegulira chisanu chikatha, n'kukazisonkhanitsa zitanenepa masamba akamayoyoka. Kumene zanenepera sankafunsa. Koma mpanda wa a Haskett unali wotchuka m'boma lonse, ndipo kwa zaka zisanu ndi zitatu chilamu chinayenda bwino.

Nkhondo yapachiweniweni itabuka mu 1861, amuna makumi asanu ndi atatu anasonkhana pabwalo ndi akavalo awo, navota kuti awatsogolere ndani, monga momwe ankavotera woyang'anira misewu. A Haskett anapambana chifukwa ankadziwa kukhoma zitsulo ku mapazi a kavalo komanso sankamwa. Boma linawapatsa jekete ya buluu ndi lupanga. Pa zaka zitatu ndi theka lupangalo linawotcha nyama yambiri, linadula chimanga cha akavalo m'minda ya eni ake, koma munthu silinamukhudze. Iwo ankati nkhondo ya pa kavalo ndi ulimi womwewo, kungoti zokolola ndi za wina ndipo mwini wake amakuwombera.

Kumeneko anaona chinthu chimene chikanawaphunzitsa za malamulo, akanakhala munthu wokayika. Akuluakulu a nkhondo, pomvera chisoni alimi a ku Tennessee, analamula kuti msilikali wofuna nkhuni azitenga mtengo wapamwamba wokha wa mpanda. Asilikali anamvera. Aliyense ankatenga wapamwamba, mpaka wapansi nawo unasanduka wapamwamba, ndipo khofi anapsa popanda wophwanya lamulo. A Haskett ankakamba nkhaniyi moseka, ngati yochitikira anthu ena.

Chakumapeto kwa 1864, powoloka mtsinje wina umene dzina lake sanalisunge, chipolopolo chinawachotsa zala zitatu za dzanja lamanja n'kuumitsa mkono. Anabwerera kwawo atakwera kavalo wamkazi wotchedwa Jerusha, amene madokotala a ziweto anali atamudinda chizindikiro choti watha ntchito. Onse awiri anali ndi zikalata zonena zofanana.

Mpanda anaupeza utafooka. Almira anayesetsa, ali ndi ana aakazi awiri aang'ono, koma mitengo imavunda ngakhale mwini wake akutumikira dziko. A Haskett anatenga nyundo ndi dzanja lamanzere, naikweza, ndipo nyundoyo inapita kwina, chitsulo chong'alulira chinapitanso kwina. Anayesa sabata yathunthu, napeza mitengo khumi ndi inayi. Chimanga cha 1865 chinadyedwa theka. Cha 1866 chinadyedwa chikadali chachiwisi, ndipo a Haskett anaitana oyendera mipanda.

Anabwera a Tewksbury, wamkulu wa awiriwo, munthu woonda amene analinso wosunga khola la boma la ziweto zosochera komanso woimba belu la tchalitchi. Mnzawo ananyamula ndodo. A Gideon anabwera osaitanidwa, natsamira pa mpanda womwewo.

"Alamu, musandiyang'ane choncho," anatero a Gideon. "Ine nkhumbazi ndimazilangiza m'mawa uliwonse. Koma sukulu sizinapiteko."

"Makutu ake ali ndi chizindikiro chanu."

"Makutu ndi anga. Njala ndi yawo."

A Tewksbury anaimika ndodo, nawerama, nayang'ana mnzawo. "Mafiti atatu ndi mainchesi asanu ndi anayi, a Kaputeni. Pepani ndithu. Mwalamulo pano palibe mpanda."

"Nanga alamu angawa atsamira chiyani?"

"Mwalamulo sanatsamire kanthu," anatero a Tewksbury, nalemba.

Akuluakulu atachoka, a Gideon anatsala. Sanali munthu woipa mtima, ndipo chimene ananena anachinena mokoma. "Alamu, chaka chamawa zikhala zomwezi, tisanamizane. Bwerani kwathu. Nyumba ndi yaikulu, achemwali anga apume, ana azidya. Mundawu tiuphatikize ukhale busa. Inu muzingoyenda pa kavalo wanuyo kumaziwerenga nkhumba madzulo. Ukaputeni ndi womwewo, asintha ndi asilikali okha."

A Haskett anathokoza mwaulemu. Atalowa m'nyumba anakwera kudenga kukaona mbewu, napeza kuti chimanga chatsala n'chodya chisanu chimodzi ndi kubzala kamodzi. Kudyedwanso kachitatu, ndiye kuti munda wapita, ndipo iwo ndi mbusa wa nkhumba za mlamu wawo. Mantha sanachite. Anaganiza monga kaputeni: ngati mpanda sungakwere kufika pa lamulo, lamulo litsike kufika pa mpanda.

Chisankho cha aphungu a Nyumba ya Malamulo chinali mu Novembala, ndipo anaima nawo. Opikisana nawo ankalankhula maola awiri za njanji ndi za tsogolo la mtundu. A Haskett ankakwera pa ngolo, n'kuvula chipewa ndi zala ziwiri zija, n'kunena kuti: "Chimanga sichiyenda. Chotsekera ndi chimene chili ndi miyendo." Kenaka n'kutsika. Alimi atsopano amene analibe mitengo anawavotera, asilikali awo akale anawavotera, ndipo a Gideon nawo akuti anawavotera, poti wachibale ndi wachibale.

Atapambana, kutatsala sabata kuti anyamuke kupita ku likulu, anakhala pa tebulo masana ena kulemba bilu yawo. Almira anaimirira kumbuyo kwawo, manja ali ndi ufa.

"A Haskett, bwerani ndikulembereni. Zolemba zanu zakumanzerezi zili ngati nkhuku yapalasa."

"Mayi, kaputeni amalemba yekha malipoti ake."

"Kaputeni ameneyo anali ndi zala khumi."

"Zisanu ndi ziwiri n'zokwanira. Lamulo lake ndi la mizere inayi."

Almira anabwerera ku buledi wake. Anali mkazi wodziwa kuti mwamuna amene wataya nyundo sungamulandenso cholembera.

Ku likulu anawapatsa mpando wa pafupi ndi chitseko, pamene pankalowa mphepo, ndipo poona kuti ndi Kaputeni anawaika mu Komiti ya Zankhondo. Komitiyo inakumana kamodzi, inakambirana za kabati yosungiramo mbendera, ndipo inagwirizana kuti nkhaniyo ndi yofunika. A Haskett sanadandaule. Anapereka pepala lawo kwa kalaliki wokopera mabilu, nakhala pansi kuyembekeza nkhondo.

Tsono m'chinenero chawo mawu otanthauza nkhumba ndi mawu otanthauza akavalo amayamba ndi zilembo ziwiri zofanana. Kalalikiyo anali ndi mabilu mazana atatu pa tebulo. Anaona zilembo ziwirizo, kutsogolo kwake kuli kamzere kokhota ngati nyongolotsi. Anayang'ana dzina la mwini bilu, naona kuti ndi kaputeni wa asilikali a pa akavalo, wa mu Komiti ya Zankhondo. Munthu wotere angavutike ndi nkhumba? Analemba "akavalo" ndi zilembo zokongola kwambiri, zamichira.

Mwambo wa Nyumbayo unali wakuti bilu iwerengedwe katatu pa masiku atatu, kuti pasakhale lamulo lodutsa mobisa. Poti masiku anali ochepa, ankawerenga mutu wokha. Choncho katatu konse mlembi anaimirira, nanena mokweza kuti: "Lamulo loletsa ziweto zina kuyenda momasuka m'boma la Brackwell," ndipo katatu konse a Haskett anagwedeza mutu. Pepala lokopedwalo linali pa tebulo la mlembi, lololedwa kwa aliyense. Iwo sanaone chifukwa chokawerengera chinthu chimene anachilemba okha ndi kuchiloweza.

Munthu mmodzi yekha ndiye anachiwerenga. Anali a Crabtree, phungu wa tauni ya kumtsinje, mwini nyumba yaikulu yothira mchere nyama ya nkhumba, ndipo a Haskett ankadziwa kuti mdani wawo ndi ameneyo. Tsiku lovota lisanafike, a Crabtree anabwera okha ku mpando wa pachitseko uja, nkhope ili mwee.

"A Kaputeni, bilu yanu ndaiwerenga. Ndaiwerenga kawiri. Ndi yanzeru."

"Ndimayesa mudzalimbana nane."

"Ine? Ndiivotera, ndipo anzanga onse ndawauza."

"Nanga malonda anu?"

"Dziko patsogolo, a Kaputeni," anatero a Crabtree, nawagwira dzanja lamanzere ndi manja awiri.

Bilu inadutsa popanda wotsutsa ndi mmodzi yemwe. A Haskett analembera Almira kuti linga lagwa popanda kuwomba mfuti, ndi kuti anthu a ndale amanenedwa zambiri zabodza. Almira kalatayo anaiwerenga movutikira, koma anamva.

A Haskett anafika kwawo mu Malichi, napeza mbiya pakhonde, yonunkha, yodzaza zipatso zobiriwira zowola zonga malalanje.

"Izi n'chiyani, mayi?"

"Mbewu za mtengo wa Osage. Ndinasinthanitsa ndi nkhuku ziwiri kwa munthu wa ngolo. Akuti ukaubzala mothithikana umachita minga yotalika ngati chala, ndipo pakatha zaka zinayi ngakhale kalulu amazungulira."

"Zaka zinayi? Lamulo likuyamba pa 1 Julaye."

"Liyambe. Ili ndi langa."

A Haskett anaseka, koma anamanga Jerusha ku pulawo nalima mzere kuzungulira maekala makumi awiri a pafupi ndi nyumba, poti mkazi wapempha. Almira ndi ana anabzala. A Haskett anabzala chimanga chawo chonse chomaliza, osasiyako ngakhale chodzaza chipewa.

Mabuku a malamulo atsopano anafika kumapeto kwa Juni. Pa 2 Julaye m'mawa, a Haskett akumwa khofi, anaona a Tewksbury akubwera wapansi, buku lili kukhwapa. Kumbuyo kwawo kunali a Gideon, akuyenda ngati munthu wopita ku ukwati. Jerusha, amene chibwerere ku nkhondo ankadya udzu wa m'mbali mwa msewu mwaufulu ngati wopuma pantchito, sankaoneka.

"A Kaputeni," anatero a Tewksbury atavula chipewa, "kavalo wanu ali m'khola la boma."

"Walakwa chiyani?"

"Wayenda yekha. Ndi woyamba kugwidwa ndi lamulo latsopanoli. Ndinaona kuti ndi ulemu kuti ndikuuzeni ndekha, poti lamulolo ndi lanu."

Anatsegula buku pa tsamba 212. A Haskett anawerenga. Anapukuta magalasi, nawerenganso. Mizere inayi inali yawo ndithu, kupatula mawu amodzi. Patsidya pa msewu nkhumba zisanu ndi imodzi zinkafukula m'ngalande, makutu akumanzere odulidwa kamphako.

"Alamu, ine ndinali wokonzeka kumvera," anatero a Gideon. "Ndinagula ndi misomali yomwe. Koma nditawerenga ndinati, a Kaputeni akudziwa chimene akuchita. Akavalo a m'boma lino anyanya."

Almira anali pakhomo. Anayang'ana dzanja lamanzere la mwamuna wake, nabwerera m'nyumba. A Haskett anatseka buku, nalibweza kwa a Tewksbury, natenga chipewa.

"Lamulo ndi lamulo. Ndichite chiyani kuti atuluke?"

"Poti ndi koyamba, mungosaina kuti simudzamusiyanso yekha."

"Zokhazo?"

"Koma musaine mooneka, a Kaputeni."

Tsiku lomwelo kalata inapita ku likulu, ndipo nthawi ino analemba ndi Almira. Yankho linabwera mu Seputembala. Linati Nyumba yamva chisoni chachikulu, cholakwikacho chaonedwa, ndipo chidzakonzedwa mosalephera pa msonkhano wotsatira, patatha zaka ziwiri. Pamene kalatayo inkalembedwa n'kuti chimanga chitatsala ndi miyezi itatu yokha kuti chikhwime.

Koma pobwerera kuchokera ku khola la boma, atakwera Jerusha, a Haskett anali ataganiza kale. Asaina kuti kavalo sakhala yekha. Chabwino, azikhala ndi iwo. Ndipo munthu amene ali pa kavalo tsiku lonse, ali ndi munda wozungulira ndi mdani wodziwika, ntchito yake anaiphunzira zaka zitatu ndi theka pa ndalama za boma. Anatola mitengo yonse yabwino imene inatsala mu mpanda wakale, natseka nayo mbali ya kukhwawa. Maekala akutali anawasiyira mdani, monga amachitira kaputeni wanzeru amene asilikali amuchepera. Anasunga makumi awiri aja a mkati mwa mzere wa Almira.

Kenaka anaphunzira mdaniyo. Nkhumba za a Gideon zinkagona ku nkhalango ya kumtsinje, mtunda wa mamailosi awiri. Zinkanyamuka dzuwa likatuluka, kutsata khwawa, motsogozedwa ndi nkhumba yaimuna yamawanga imene a Gideon ankaitcha Solomon. Masana zinkagona m'matope, n'kuyesanso dzuwa likapendeka. A Haskett ankazichingamira pa mtunda, Jerusha n'kutsika nazo mothamanga ngati wabwerera ku Tennessee. Kavalo wotha ntchito ndi munthu wotha ntchito anagwira malire kuyambira chimanga chitamasula ngayaye mpaka chitalowa m'nkhokwe. Anthu odutsa pa msewu ankaima kuonerera. Ena ankachita sawasha, ndipo a Haskett ankabweza.

"Alamu, nkhumba zanga zikuonda," anadandaula a Gideon tsiku lina atakumana pa tchalitchi.

"Zilangizeni m'mawa uliwonse."

Anakolola zokwanira kudya ndi kubzala. Chaka chotsatira anachita chimodzimodzi, ndi chinacho. Pa chisankho cha 1868 anagwa, chifukwa aliyense amene kavalo wake anagonako m'khola la boma anakavota, ndipo anali ambiri. Msonkhano wotsatira wa Nyumba unapereka nkhani yokonza mawu aja ku Komiti ya Zaulimi, imene wapampando wake anali a Crabtree. Komitiyo inalonjeza kuiganizira mozama. A Haskett atamva anangoti, kuona maso a nkhono n'kudekha, natuluka kukayendera mzere wa minga, umene tsopano unali utawapitirira mutu.

Mtengo wa Osage ukangousiya umakwera m'mwamba, pansi n'kusiya makomo. Umafuna kuutema theka cha patsinde, kuugoneka, n'kuulukanitsa ndi unzake kuti mphukira zitseke pansi. Nkhwangwa imafuna manja awiri. A Haskett anafunafuna m'nyumba chida chopepuka, chachitali, choti dzanja lisafike pa minga, ndipo anachipeza chili pakhoma pamwamba pa moto. Analinola lupanga lija koyamba chilandirireni. Chisanu cha 1870 chikutha, anayenda nalo mzere wonse ndi dzanja lamanzere, kutema kamodzi pa mtengo, Almira akugoneka ndi mphanda kumbuyo kwawo. Iwo ankati aka kanali koyamba kuti boma liwapatse chida choyenera ntchito, lingakhale linalakwitsa nkhondo yake.

Mu Ogasiti 1871 anaitananso oyendera mipanda. A Tewksbury anafika ndi ndodo yomwe ija. Anayang'ana khoma lobiriwira, lothithikana, lotalika kuposa munthu wokwera kavalo, natsegula buku lawo.

"A Kaputeni, buku likunena za mitengo yong'alula. Uwu ndi wamoyo."

"Ndiye mwalamulo pano palibe mpanda?"

"Sindinatero. Ndikuganiza."

"Ngati palibe, dutsani. Khofi ali tsidya linalo."

A Tewksbury, poti anali munthu wokhulupirika pa ntchito, analowetsa ndodo, kenaka mkono. Ndodo inatsalira momwemo. Mkono unabwerako wopanda malaya kuyambira pa chigongono. Ali chiimire choncho, Solomon anatulukira m'khwawa ndi gulu lake, nayenda m'mbali mwa mpandawo akununkhiza pansi, nayesa pamalo amodzi, nalira, nabwerera ku mtsinje osacheuka. Jerusha anali womangidwa pamthunzi, monga mwa lamulo, ndipo sanadzutse n'komwe mutu.

"Umboni wakwana," anatero a Tewksbury, nabwereka cholembera. "Wovomerezeka."

A Gideon, amene anabweranso osaitanidwa, anayang'ana pozungulira kufuna potsamira, koma sanapeze.

"Alamu, mwandipha ine."

"Nyumba yathu ndi yaikulu, alamu. Bwerani muzidzawerenga chimanga."

Chaka chimenecho alimi khumi ndi awiri anabwera kudzapempha mbewu kwa Almira, ndipo pofika 1880 munthu woyenda kuchokera ku mtsinje mpaka ku nyumba ya milandu ankadutsa pakati pa minga yokhayokha. A Gideon, nkhumba zitasowa kolowera, anayamba kulima chimanga chozidyetsa, ndipo anadabwa kupeza kuti nkhumba za anthu ena zimadyanso chimanga. Nawonso anabzala minga.

A Haskett sanaimenso pa chisankho, koma sanasiye kukhulupirira Nyumba ya Malamulo. Msonkhano uliwonse ankatumiza kalata yokumbutsa, ndipo msonkhano uliwonse ankalandira yankho laulemu, limene ankalisunga m'Baibulo. Ankati pa munda wonse wa boma pamangofunika kukonza mawu amodzi, ndipo anthu ophunzira chotero sangalephere mpaka kalekale. Jerusha anafa mu 1878, ali m'khola, mwini wake ali pambali. Ana aakazi anakwatiwa, mmodzi natsala pa mundawo ndi mwamuna wake. A Haskett anamwalira mu Novembala 1896 m'nyumba mwawo, chimanga chili m'nkhokwe, asanawerengepo nkhumba ya munthu ngakhale imodzi.

Chikalata cha khonsolo chija atamuwerengera Almira, amene maso anali atafooka, anafunsa ngati pa mwalapo padzatchulidwe za mbiya. Anamuuza kuti komiti iganizira. Chimanga cha 1897 chinakololedwa, ndi cha 1898. Komiti ya anthu atatu sinagwirizanebe pakati pa mwala woyera ndi wotuwa, ndipo ya anthu awiri ikuilimbikitsa. Kalata ya khonsolo inayankhidwa ndi likulu mwaulemu, kuti nkhaniyo idzakonzedwa mosalephera pa msonkhano wotsatira.

Lamulo la Haskett likadali pa tsamba 212. Limanena za akavalo.